Makita, Bosch, DeWalt, Ingco ndi Total: ndi ziti zimapirira ntchito ya tsiku ndi tsiku?

Wowotcherera Mageti:
Moni nonse pagulu pano. Funso langa likukhudza zipangizo za pa shedi yowotcherera mageti, mabagala ndi mafelemu a mawindo. Zofunika ndi zinayi: grinder yaing'ono ya 115mm, yaikulu ya 230mm, drill yoboolera zitsulo, ndi ina yoboolera konkire pomangirira geti kuchipilala. Ku Malangalanga ndi ku Limbe mashelefu adzaza Ingco ndi Total, pomwe Makita, Bosch ndi DeWalt mitengo yake ili kumwamba. Kodi kusiyana kwa mtengoku kuli m'kati mwa chipangizo, kapena munthu amangolipira dzina? Amene mumazitsegula zinthuzi tithandizeni.

Wokonza Mamota ku Ndirande:
Achimwene, kusiyana kulipo ndipo kumaoneka mukamasula masikuluu. Tiyambe ndi grinder, chifukwa ndi imene imafa msanga pa ntchito yanuyo.

Chimene chimapha grinder ya wowotcherera ndi fumbi la chitsulo. Fani yomwe ili pa armature, gawo la mota lomwe limazungulira, imakoka mpweya kuchokera kumbuyo, kudutsa pa mota, n'kutulukira kumutu. Mpweyawo umalowa ndi timitsotso ta chitsulo ndi mchenga wa disiki, ndipo popeza mota ikuzungulira mofulumira kwambiri, timitsotsoto timakwecha vanishi wa pa waya wa mkuwa ngati sandipepa. Vanishi akatha, mawaya awiri oyandikana amakhudzana, armature imatentha mbali imodzi, moto umayamba kuzungulira pa commutator (tizitsulo ta mkuwa ta kumapeto kwa armature pomwe mabulashi amakhudza), kenako fungo la kupsa. Ndiye poyerekeza mitundu, choyamba kuona ndi mmene waya wa armature watetezedwera. Pa Makita 9557HN kapena GA9020 mupeza vanishi wokhuthala wopakidwa mokhotakhota pamwamba pa makoyilo, ndipo field coil, makoyilo osayenda omwe azinga armature, ndi yokutidwa. Bosch ya buluu nayonso imakuta makoyilo ake. Pa grinder yotsika mtengo kwambiri, wayayo amaonekera poyera, wangonyikidwa mu vanishi wopyapyala.

Chachiwiri ndi mabering'i. Nambala yake imalembedwa pambali, monga 607, 608, 629 kapena 6001. Onani ngati ndi yotsekedwa ndi labala kapena ndi kachitsulo chabe, komanso ngati bering'i ya kumbuyo yakhala m'kachipewa ka labala. Kachipewako kakasowa kapena kakatha, bering'i imazungulira m'pulasitiki, pulasitiki imasungunuka, armature imapendekeka n'kuyamba kukhula pa field coil. Apo mwataya zonse ziwiri.

Chachitatu ndi magiya a kumutu. A mano okhota amayenda mosalala ndipo mano angapo amagwira nthawi imodzi. A mano oongoka amasokosera komanso sachedwa kuperepeseka. Gwirani spindle, kachitsulo komangirapo disiki, ndi zala muyigwedeze uku ndi uku: yatsopano isamachite gwedegwede.

Mayi wa Hardware ku Area 2:
Bambo a ku Ndirande anena zoona, koma pali mbali imene isaiwalike. Ingco ndi Total sizili pa mlingo umodzi zonse. Muli zolembedwa Industrial, ndiye muli za Super Select zomwe zinapangidwira wofuna mtengo wotsika. Munthu akagula ya pansi kwambiri n'kukaidulitsa angle iron kuyambira m'mawa mpaka madzulo, ikapsa amati mtundu wonse ndi wachabe. Zomwezo zilinso kwa akuluakuluwo. Bosch yobiriwira ndi ya ntchito za pakhomo, ya buluu yolembedwa Professional ndiye ya amisiri, ndipo mayina ake amayamba ndi G: GWS ndi grinder, GBH ndi yoboola konkire, GSB ndi drill yomenya, GKS ndi sowo yozungulira. Makita ili ndi mzere wa MT, womwe kale unkatchedwa Maktec, wotsikirapo mtengo ndi mphamvu. Poyerekeza, ikani za mlingo umodzi pamodzi. Kuyerekeza Bosch yobiriwira ndi Ingco Industrial n'kumati mwayesa Bosch ndi kudzinamiza.

Wowotcherera Mageti:
Zikomo mayi. Nanga mawati olembedwa pa bokosi? Ina yalembedwa 1100W pa mtengo wochepa, pomwe Makita GA4530 ndi 720W yokha.

Wamagetsi wa ku Mzuzu:
Nambala imeneyo ndi ya magetsi amene chipangizo chikudya, si mphamvu imene ikufika pa disiki. Gawo lina limathera m'kutentha. Mota yokulungidwa bwino ya 720W kapena 840W ikhoza kudula mofanana ndi ina yolembedwa 1100W yomwe ikuwononga magetsi ambiri potentha. Muyeso wabwino ndi wa khutu ndi dzanja: dulani square tube ya 40mm, mverani ngati liwiro likugwa kwambiri disiki ikalowa, ndipo mukadula kasanu gwirani thupi la grinder pomwe pali field coil. Ngati simungapirire kuigwira, singakwanitse ntchito ya tsiku lonse.

Palinso za waya wa aluminiyamu wopakidwa mtundu wa mkuwa, zomwe zimapezeka m'zipangizo zopanda dzina ndi za feki. Kupepuka kwake n'kokayikitsa, ndipo mukapala waya pang'ono ndi mpeni m'kati mumaoneka moyera. Aluminiyamu amatentha msanga kuposa mkuwa wa kukula komweko, ndipo polumikiza pake pamamasuka.

Wokonza Mamota ku Ndirande:
Ndiwonjezere za mabulashi, chifukwa apa ndi pamene zipangizo zabwino zambiri zimaphedwa ndi eni ake. Bulashi ndi kachidutswa ka khala kotsika mtengo kwambiri, koma kakalakwika kamadya commutator. Makita inalemba nambala pa bulashi iliyonse: 9557HN ndi HR2470 zimalowa CB-325, GA4530 imalowa CB-459, GA9020 imalowa CB-204. Zina mwa izi zili ndi kapini m'kati komwe kamatulukira bulashi ikafika pothera, grinder n'kungozima yokha commutator isanakandike. Anthu ambiri ikazima choncho amaganiza kuti yapsa, pomwe ikungopempha mabulashi.

Cholakwika chofala ndi kusema bulashi ya chipangizo china, kapena khala la m'batire la tochi, kuti ikwane. Ikauma kwambiri imakumba mzere pa commutator. Ikafewa kwambiri imatha pa sabata ndipo phulusa lake limadzaza m'timipata ta pakati pa tizitsulo ta commutator n'kutilumikiza. Kasinthidwe koyenera ndi aka: zulani pulagi, sinthani mabulashi onse awiri nthawi imodzi ngakhale imodzi ikuoneka yabwino, onetsetsani kuti ikutsetsereka momasuka m'kanyumba kake, pukutani commutator ndi sandipepa wosalala kwambiri ngati yada, chotsani phulusa m'timipata ndi kamtengo kosongoka, kenako iyatseni izungulire yopanda katundu kwa mphindi zisanu mpaka khumi kuti bulashi itenge maonekedwe a commutator.

Mukafuna kudziwa ngati armature ili moyo, tengani multimeter, kachipangizo koyezera magetsi. Yezani pakati pa tizitsulo tiwiri toyandikana, kuzungulira commutator yonse. Manambala akhale ofanana. Pamene patsika kwambiri pali mawaya okhudzana, pamene pakwera kwambiri kapena sipakuwerenga pali waya woduka. Kenako yezani pakati pa commutator ndi shafti: pasakhale kulumikizana ngakhale pang'ono.

Kalipentala wa ku Mchesi:
Mfundo ya nambala za masipeya ndi imene ine ndimaiika patsogolo pa zonse. Chipangizo chilichonse chidzawonongeka, funso ndi lakuti chikawonongeka mudzapeza chiyani. Makita ndi Bosch zili ndi zithunzi pa intaneti zoonetsa chipangizo chomasulidwa, kachidutswa kalikonse ndi nambala yake. Pa Bosch gwiritsani ntchito nambala yaitali ya manambala khumi yomwe ili pa kachikwangwani ka pa chipangizocho, chifukwa dzina limodzi ngati GBH 2-26 likhoza kukhala ndi mitundu ingapo ya m'kati malinga ndi chaka. Ndi nambala imeneyo mbale wanu wa ku Joni kapena wamalonda wopita ku Dar es Salaam akubweretserani armature yeniyeni, osati yongofanana. Musanapereke ndalama m'shopu iliyonse, funsani zinthu zitatu: mabulashi a chipangizochi muli nawo, swichi muli nayo, armature muli nayo? Wogulitsa akaziika pa kauntala, gulani. Akayamba kunena kuti zidzabwera, dziwani kuti mukugula chinthu chodzataya.

Mayi wa Hardware ku Area 2:
Pa funso limenelo Ingco ndi Total sizili kumbuyo monga ena amaganizira. Mabulashi amabwera ena apadera m'bokosi momwemo pa zipangizo zambiri, ndipo mashopu ogulitsa mitunduyi ndi ochuluka. Chovuta ndi chakuti mamodelo amasinthasintha, ndiye armature ya modelo ya zaka zingapo zapitazo imafuna kufunafuna. Langizo langa kwa wowotcherera woyamba kumene: m'malo mwa grinder imodzi yodula mtengo, gulani ziwiri za Industrial, ina ikhale ndi disiki yodulira, ina yosalazira. Zimapumulitsana, simutaya nthawi kusintha madisiki, ndipo imodzi ikafa ntchito siima.

Wokonza Mamota ku Ndirande:
Pa yaing'ono ndikuvomerezani mayi, njira imeneyo imagwira. Pa ya 230mm ayi. Imeneyo imadya pafupifupi 2200W, imagwira ntchito yolemetsa, ndipo ikakanirira m'chitsulo imamenya munthu mwamphamvu. Pamenepo ndi pofunika magiya olimba, chotchingira disiki chokhuthala chomwe sichisuntha, ndi swichi yodalirika. Makita GA9020 kapena Bosch GWS ya 230mm ndi zimene ndingasankhe, ndipo ngati ilipo yoyamba pang'onopang'ono, ya soft start, tengani imeneyo. Kudzidzimuka koyambira kuja ndi kumene kumathyola mano a giya yaing'ono ndi kuwotcha swichi.

Wamagetsi wa ku Mzuzu:
Tsopano ndinene chinthu chimene chimapha Makita ndi Ingco mofanana, chomwe anthu amachiika pa mutu wa wopanga: chingwe cha extension ndi jenereta.

Magetsi athu ndi 230V, 50Hz. Grinder ya 2200W imakoka pafupifupi 10A ikamagwira ntchito. Waya wa mkuwa wa 1.5mm² amataya pafupifupi 29mV pa ampu iliyonse pa mita iliyonse. Pa mamita 50 ndi 10A, mwataya mavoti 14 ndi theka. Wa 2.5mm² amataya pafupifupi mavoti 9 pa mtunda womwewo. Koma kawaya ka 0.75mm² kamene anthu amakokera kuchokera kunyumba yoyandikana kamataya mavoti 30 kapena kuposa, ndipo ngati magetsi a m'deralo atsika kale madzulo, grinder ikulandira mwina 190V. Ikatero imafooka, mmisiri amakankha mwamphamvu kuti idule, liwiro limatsika, fani imachepetsa mpweya pomwe mota ikukoka magetsi ochuluka. Kupsa kwake kumatenga mphindi zochepa. Pa grinder yaikulu gwiritsani ntchito 2.5mm² ya mkuwa weniweni, ndipo ngati chingwe chili pa chokulungira, chitambasuleni chonse chifukwa chokulungidwa chimasunga kutentha mpaka kusungunuka.

Pa jenereta: mota imakoka magetsi owirikiza kawiri kapena katatu poyamba. Jenereta ya 2.5kVA ikhoza kuyendetsa grinder yaing'ono bwinobwino, koma yaikulu imafuna ya 5kVA kuti musamaimve ikubuula. Musadule ndi grinder pamene mnzanu akuwotcherera pa jenereta yomweyo, chifukwa ndodo ikagunda chitsulo mphamvu imagwa, ikachoka imadumpha, ndipo zimenezi zimawotcha timabodi ta zipangizo zokhala ndi posinthira liwiro. Machaja a mabatire nawonso amafuna inverter ya pure sine wave, yotulutsa magetsi osalala ngati a pa soketi ya m'nyumba. Ya modified sine wave imawatenthetsa ndipo ena amafa nayo.

Mbale wa ku Leeds:
Ndithirepo ndemanga pa zipangizo zotumizidwa kuchokera kunja, popeza zambiri zimabwera m'makontena. Ku UK zipangizo za pa malo omanga ndi za 110V, zimakhala ndi pulagi yachikasu yozungulira ndipo zimayendera thiransifoma yachikasu. Maonekedwe ake ndi ofanana ndi za 230V, modelo imodzimodzi. Munthu akadula pulagi yachikasuyo n'kuikapo ya kwathu ya mano atatu, mota imalira kamodzi kokha basi. Werengani kachikwangwani musanalumikize. Za ku America ndi 120V, 60Hz, ndipo machaja ake ambiri salandira 230V, ngakhale mabatire ndi zipangizo zake zilibe vuto mukapeza chaja ya 230V. Za ku South Africa ndi 230V ngati kwathu, chosiyana ndi pulagi ya mano ozungulira basi. Isintheni muike ya mano atatu yokhala ndi fyuzi ya 13A, osati kulowetsa mawaya osenda m'soketi ndi timitengo ta machesi.

Womanga wa ku Zomba:
Ndiyankhe za konkire, popeza ena akhazikika pa grinder. Achimwene a mageti, musagule drill wamba yolembedwa hammer n'kumayembekeza kuti iboola chipilala. M'kati mwake muli timbale tiwiri ta mano tomwe timakwerana, ndipo kumenya kwake kumadalira inu kukankha. Pa njerwa zowotcha imakwanitsa, pa konkire ya miyala imangotentha ndi kutha mano. Yofunika ndi rotary hammer ya SDS-plus. Imeneyo ili ndi pisitoni yomwe imakankha mpweya, mpweyawo n'kuponya kachitsulo komenya kumbuyo kwa bit, chitsulo choboolera chija. Kagwiridwe ka SDS kanayambitsidwa ndi Bosch mu 1975, ndipo mpaka lero pa gulu limeneli Bosch ya buluu ndi yovuta kuigonjetsa.

Poyerekeza yang'anani majoule (J), omwe ndi muyeso wa mphamvu ya kumenya kulikonse, osati mawati. Bosch GBH 2-26 DRE ndi 800W, 2.7J. Makita HR2630 ndi 800W, 2.4J. DeWalt D25133 ndi 800W, 2.6J. Zitatuzi zimatha kuboola mpaka 26mm, koma zimasangalala pa mabowo a 6mm mpaka 16mm. Rawl bolt ya M8 imafuna bowo la 14mm, ya M10 la 16mm, ya M12 la 20mm, ndiye pa mageti muli m'malire abwino. Makampani akuluakulu amayeza majoule ndi njira imodzi yogwirizana ya EPTA, bungwe la opanga zipangizozi ku Ulaya, pomwe manambala a pa mabokosi ena satchula njira yomwe anayezera, choncho musadabwe yolembedwa 5J ikuboola mochedwa kuposa ya 2.7J.

Chinanso chofunika ndi clutch. Bit ikakola chitsulo cha m'konkire, clutch imatsetsereka kuti makina asakupotozeni dzanja, makamaka muli pa makwerero. Funsani ngati ilimo.

Zimene zimawonongeka: makina akuzungulira koma sakumenya, kapena akumenya mofooka. Kawirikawiri ndi timphete ta labala ta pa pisitoni ndi pa chomenyera tatha, kapena girisi wauma chifukwa cha fumbi la simenti. Timpheteto n'totsika mtengo ngati modelo ili ndi masipeya. Tsukani m'kati, ikani girisi wa rotary hammer pa mlingo wa wopanga. Mukadzaza kwambiri pisitoni imalephera kupanikiza mpweya ndipo kumenya kumatheratu. Girisi wa mabering'i a galimoto ndi wolemera, sayenera. Pakani girisi pang'ono kumchira kwa bit nthawi iliyonse mukusintha, ndipo sinthani kachipewa ka labala ka kumphuno kakang'ambika, makamaka mukamaboola denga pomwe fumbi limagwera m'kamwa mwa makina. Ndipo musakankhe. Kulemera kwa dzanja n'kokwanira, kukankha kumachepetsa kumenya.

Wowotcherera Mageti:
Izi zandithandiza kwambiri akuluakulu. Ya konkire ndamva. Nanga rotary hammer yomweyo singaboolenso zitsulo ndi chuck (kamwa logwira bit) yochita kulowetsa ija, kuti ndisagule ziwiri?

Womanga wa ku Zomba:
Pa bowo limodzi kapena awiri ingathe, mutazimitsa kumenya. Koma SDS inapangidwa kuti bit izisewera pang'ono, ndiye bowo la pa chitsulo silikhala lozungulira bwino ndipo ma bit aang'ono amathyoka. Ya zitsulo ikhale yakeyake.

Wokonza Mamota ku Ndirande:
Pa zitsulo sankhani drill ya magiya awiri. Bit ya HSS, yoboolera zitsulo, ya 10mm pa chitsulo chofewa imafuna liwiro lozungulira maulendo a pakati pa 800 ndi 900 pa mphindi, ya 13mm pafupifupi 650. Drill ya giya imodzi, monga Makita HP1630 kapena Bosch GSB 13 RE, imathamanga kuyandikira 3000, ndiye kuti muchepetse mumafinya swichi pang'ono. Mukatero fani ikuzungulira pang'ono pomwe katundu ndi wolemera, mota imaphikika. Ya magiya awiri ngati Makita HP2050 imatsitsa liwiro ndi magiya, mota ikuthamanga mokwanira ndi kudzizizira. Yambani ndi bit ya 4mm, kenako yaikulu, ndipo dontheza mafuta. Onaninso chuck: ikhale ya chitsulo ya 13mm, ya kiyi ndi yabwino pa ntchito yanu. Mangani bit yatsopano yoongoka, yatsani, yang'anani nsonga yake. Ikamajambula kabwalo m'malere, chuck kapena spindle ndi yopindika, isiyeni m'shopu momwemo. Pomasula chuck kumbukirani kuti sikuluu ya m'kati mwake ndi ya mazinga a kumanzere, imamasuka mukapotoza ngati mukumanga.

Mbale wa ku Joni:
Palibe amene watchula za mabatire, ndipo ndi kumene anthu akuberedwa kwambiri masiku ano. 18V ndi 20V MAX ndi chinthu chimodzi. M'kati muli maselo asanu olumikizidwa motsatana, lililonse 3.6V, kupanga 18V. Likangochoka pa chaja limawerenga pafupifupi 4V kapena kuposerapo pang'ono, ndiye ena amalemba 20V. DeWalt imalemba 20V MAX ku America ndi 18V XR ku Ulaya pa zipangizo zofanana. Mukaona kadrill kolembedwa 48V, 88V kapena 128V kali ndi batire lokwana m'dzanja, nambalayo ndi yabodza, ngakhale thupi lake likhale la mtundu wa Makita.

Batire la 2.0Ah lili ndi maselo asanu ndipo limasunga 36Wh. La 5.0Ah lili ndi maselo khumi, 90Wh. Selo limodzi la 18650 limalemera pafupifupi magalamu 45, choncho maselo khumi okha ndi magalamu 450, ndipo batire lenileni la Makita la 5.0Ah limafika pafupifupi magalamu 600. Liikeni pa sikelo ya kukhitchini. Lolembedwa 5.0Ah kapena 6.0Ah lolemera magalamu 350 ndi feki. Kuopsa kwake sikungothera pa kutha msanga: ambiri alibe chitetezo cha kutentha ndipo sayang'anira selo lililonse palokha, ndiye amatha kuyaka pa chaja.

Posankha za batire mukusankha banja lonse, chifukwa batire ndi chaja ndi zimene zimadya ndalama. Makita LXT ya 18V inayamba mu 2005 ndipo ili ndi zipangizo zambiri, koma siilowana ndi XGT ya 40V. Bosch ya buluu ya 18V siilowana ndi yobiriwira ya 18V. Ingco ndi Total zimagwiritsa ntchito mabatire a P20S omwe amalowana, ndipo kwa munthu wa ndalama zochepa imeneyo ndi mfundo yolemera. Chenjerani ndi Ryobi: yogulitsidwa kuno ku South Africa si banja limodzi ndi Ryobi ONE+ ya ku UK ndi ku America, mabatire ake salowana.

Kalipentala wa ku Mchesi:
Pa matabwa ndingonena mwachidule. Sowo yozungulira iyang'aneni pansi pake: mbale ya aluminiyamu imakhala yoongoka, ya lata lopyapyala imapindika ikagwa kamodzi ndipo simudzadulanso sikweya. Koma chimene chimasiyanitsa kwambiri ndi mpeni. Sowo ya Total yokhala ndi mpeni wabwino wa mano 24 imang'amba bulugamu bwino kuposa Makita HS7601 yokhala ndi mpeni wobuntha wa mano 60. Mano ochepa ndi ong'ambira motsata thabwa, mano 40 kupita m'mwamba ndi odulira mopingasa. Paini wa ku Chikangawa amasiya utomoni pa mano, utsukeni ndi parafini. Pa pulena ya 82mm, Makita KP0800 ndimaiyamikira chifukwa mipeni ndi lamba wake zimapezeka mosavuta. Pa mlombwa kapena mbawa musapitirire milimita imodzi pa ulendo umodzi, lamba amaduka ndi dyera la mmisiri.

Mayi wa Hardware ku Area 2:
Za feki ndiwonjezere, chifukwa Makita ndi Bosch za feki zachuluka ndipo n'zoipa kuposa Ingco yeniyeni. Mawu akuti Made in China si umboni wa feki: Makita ili ndi mafakitale ku China, Romania, Thailand ndi ku UK, ndipo Bosch imapanganso ku China ndi ku Malaysia. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Fufuzani modeloyo pa tsamba la kampani muone ngati ilipo, yerekezani kulemera kwake ndi kolembedwa pamenepo, onani nambala ya siriyo ndi chaka pa kachikwangwani. Dzina la pa thupi likhale loumbidwa bwino, osati sitika yomatuka ndi chikhadabo. Chingwe cha zipangizo za amisiri nthawi zambiri chimakhala chofewa, cha labala, pomwe cha feki n'chouma, chachifupi ndi chopyapyala. Ndipo pemphani risiti yolembedwa modelo ndi siriyo, chifukwa popanda imeneyo waranti ndi mawu chabe. Mukakumana ndi dzina la HiKOKI musalithawe, ndi Hitachi yakale ija, inasintha dzina mu 2018.

Wamagetsi wa ku Mzuzu:
Pa mabatire ndionjezere kamodzi. Shedi ya malata mu Okutobala imatentha zedi, ndipo lithium safuna kuchajidwa ali wotentha kupitirira madigiri 45. Batire likangochoka pa ntchito lisiyeni pamthunzi lizizire kaye. Chaja ya Makita DC18RC ili ndi fani yopemerera batire ndipo imadzaza la 5.0Ah pa mphindi 45, n'chifukwa chake imakwera mtengo. Losagwiritsidwa ntchito kwa miyezi lisungeni lili theka, osati lopanda kanthu. Pa zipangizo za brushless, mulibe mabulashi otha ndipo batire limakhalitsa, koma bodi yake ikapsa imasinthidwa yonse, ndiye funsani mtengo wa bodiyo musanagule.

Wowotcherera Mageti:
Ndiye ndikuona kuti ndalama zambiri zipite pa grinder ya 230mm ndi pa rotary hammer, zing'onozing'ono ndigule ziwiri za Industrial, drill ikhale ya magiya awiri, ndi chingwe cha 2.5mm². Funso lomaliza: disiki ya 230mm ikatha n'kuchepa, ena amaiika pa grinder yaing'ono kuti aimalize. Zili bwino?

Wokonza Mamota ku Ndirande:
Ayi achimwene, musayerekeze. Disiki ya 230mm inapangidwira liwiro losapitirira 6,600 pa mphindi, pomwe grinder ya 115mm imazungulira pafupifupi 11,000. Disiki ya 115mm ndi imene inalembedwa 13,300. Bowo la pakati ndi limodzi, 22.23mm, n'chifukwa chake imalowa, koma kuti ikwane anthu amachotsa chotchingira, ndipo ikaphulika zidutswa zimalunjika kumaso ndi pakhosi. Onaninso tsiku lotha ntchito lodindidwa pa kamphete ka chitsulo ka pakati pa disiki, chifukwa utomoni womanga disiki umafooka pakatha zaka zitatu, ndipo yonyowa ndi mvula kapena yosungidwa pansi pa simenti imafooka msanga kuposa apo. Yodulira yopyapyala ya 1mm isagwiritsidwe ntchito posalaza cham'mbali, yosalazira ndi ya 6mm.

Mukaweruka madzulo aliwonse, zulani pulagi ndipo pemererani mpweya wouma wa kompuresa kapena blower m'timabowo ta kumbuyo kwa grinder mpaka fumbi lakuda lisiye kutuluka. Musaigoneke pansi pomwe pali phulusa la zitsulo isanaime, chifukwa fani imakhala ikukokabe. Miyezi itatu iliyonse tsegulani mutu, chotsani girisi wakale wakuda, ikani watsopano wa magiya kufika pafupifupi theka la chibowocho, ndipo pomanganso masikuluu anayi aja muziwamanga mopingasana kuti mutu ukhale bwino pa bering'i.